Zitatu Zosowa

M'mawa wa Lachitatu botolo la jamu linandigonjetsa.
Ndinalikulunga m'chopukutira mbale, ndinaligogoda patebulo,
chivundikiro osasuntha n'komwe.
Ndinadya buledi wouma
ndikuyang'ana chipale chofewa chikukwirira msewu wa ku Bottineau.

Manja awa anali manja, ndikukuuzani.
Zaka makumi awiri ndili wapolisi m'boma lino
anamangapo zidakwa za misinkhu ya chitseko,
anasololapo mwana wa ng'ombe wotsogoza miyendo yakumbuyo
m'khola la a Tollefson, usiku woti malovu amauma asanafike pansi.
Lero mfundo za zala zatupa ngati timiyala ta mumtsinje.
Nyamakazi inalowa osaodira,
ndipo sikunena za tsiku lobwerera kwawo.

Masana ndinatsitsa bokosi la pisito.
Nditaona kawiri kuti mulibe chipolopolo,
ndinayesa kukoka chitsulo chapamwamba chija,
chomwe kale ndinkachikoka uku ndikudandaula za mtengo wa tirigu.
Sipuling'i inakana.
Chitsulo chinapulumuka, n'kundiluma khungu
pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.
Magazi anali kadontho chabe.
Manyazi ndiwo anadzaza khitchini,
chonsecho wondiona anali mphaka yekha.

Kusitolo ya mfuti kuli Kermit,
yemwe ndinamugwirapo akuthamangitsa lole ya bambo ake
ndevu zisanamere.
Anayala zitsulo pagalasi ngati wogulitsa nsapato.
"Iyi n'njofewa, mayi Ardis. Iyi n'njopepuka."
Koma yopepukayo theche lake ndi la bulu,
limakafika mpaka m'chigongono.
Yolemerayo mkono umagwa nayo usanawerenge kufika khumi.
Potsiriza anandipatsa ya kagudumu ka zibowo zisanu,
yopanda chokoka pamwamba.

Kuseri, pamalo oyesera, chandamale chinali pafupi
moti ndikanachigenda ndi nsapato.
Chala chinakoka, chinakoka,
ulendo wautali ngati wa ku Fargo,
ndipo mfuti isanalire
mlomo wake unali utayamba kale kuyang'ana kwina.
Zibowo ziwiri m'mphepete mwa pepala.
Zitatu zinasowa.
Kermit anati, "Zili mumchengamo, musadandaule,"
maso ali pansi.

Zitatuzo n'zomwe zinandilanda tulo.
Anyamata onse obwera kumene pantchito ndinkawauza mawu amodzi:
chipolopolo chikachoka sichimva kuitana,
ndipo komwe chafika chimatchula dzina lako.
Makoma a nyumba ino ndi matabwa.
Kuseri kwa mutu wa bedi langa
kumagona mdzukulu wanga Soren akabwera patchuthi,
chala chili m'kamwa ngakhale wakula.

Ndinakangana nawo manjawa mpaka mbandakucha.
Ndinawakumbutsa mendulo ya mu 1988.
Ndinawaviika m'madzi otentha, ndinawadzoza mankhwala onunkha,
ndinawauza kuti nyumba yoyandikana nayo ili mtunda wa mamailosi anayi.
Iwo phee pabulangete,
opindika ngati mizu yozulidwa.

Lamlungu Darla atabwera kuchokera kutchalitchi
anapeza bokosi patebulo, kiyi pamwamba pake,
zipolopolo padera m'chitini cha khofi.
Mwana wanga salankhula zambiri, anatengera bambo ake.
Ananyamula zonse kukaika m'galimoto,
anabweranso, n'kusasa chipale kumapazi,
n'kutsegula botolo lija ndi dzanja limodzi.
Potseka sanamange.
Anangokhazika chivundikiro pamwamba,
akuyesa sindikuona.

Tsopano ndili ndi loko watsopano wa chogwirira chachikulu,
foni pafupi ndi pilo,
ndi galu wokalamba wochokera kosungira ziweto zosowa mwini,
amene nayenso amadzuka mwendo umodziumodzi.

Usiku nkhandwe zikalira kuseri kwa nkhokwe za tirigu
dzanja lamanja limanyamuka lokha,
kupita m'chiuno momwe linazolowera.
Limapeza fupa basi.
Limakhala pomwepo kanthawi,
chifukwa m'pofunda.